Makina oyambira nawo kuwotcherera zitsulo pakhomo: a rodi, a waya kapena a gasi?

Munthu amene wakhala akuitana mmisiri nthawi iliyonse geti likathyoka pa hinjesi, kapena mwendo wa wilibala ukaguluka, amafika poganiza kuti ntchito zazing'ono ngati zimenezi akhoza kumazigwira yekha Loweruka masana. Maganizo amenewa si olakwika, chifukwa kuwotcherera zitsulo ndi luso limene munthu wofatsa amaliphunzira ndi manja ake, ndipo limabweza ndalama zimene waononga pogula zida. Vuto limayamba munthu akalowa m'sitolo ya hadiweya n'kupeza makina a mitundu ingapo, wogulitsa aliyense akutamanda ake, mitengo yake itatalikirana kwambiri. Ine ndimaona kuti funso loyamba si lakuti makina abwino koposa ndi ati, koma lakuti kodi mukufuna kuwotcherera chitsulo chochindikala motani, ndipo magetsi a pakhomo panu angapirire chiyani. Mayankho a mafunso awiriwa amachotsa makina ambiri pamndandanda musanagwire n'komwe chikwama.

Njira imene tonse timaiona m'mphepete mwa misewu ya ku Ndirande, ku Mchesi ndi m'misika ya m'maboma ndi ya rodi. Magetsi amadumpha kuchoka pa nsonga ya rodi kupita pa chitsulo, ndipo moto umene umayaka pakampata kameneko ndi wotentha madigiri masauzande angapo, pamene chitsulo wamba chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500. Rodiyo imasungunuka n'kudzaza mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo. Chimene chimachititsa kuti njirayi ikhale yolimba ndi chikuto chimene chili kunja kwa rodi. Chikutochi chikamapsa chimatulutsa utsi umene umatchinga mpweya kuti usalowe m'chitsulo chosungunukacho, ndipo chotsala chake chimauma pamwamba ngati nkhoko za mumphika wa nsima, zimene mmisiri amazigogoda ndi kahamala akamaliza. Luso lokutira rodi linayambitsidwa ndi Oscar Kjellberg wa ku Sweden, amene anakhazikitsa kampani ya ESAB mu 1904 pofuna kukonza bwino zitsulo za sitima za pamadzi, ndipo mpaka lero mfundo yake sinasinthe. Popeza rodi imadzitetezera yokha, simufunika botolo la gasi, mphepo ya panja siisokoneza kwenikweni, ndipo imagwira ngakhale pa chitsulo chimene chili ndi dzimbiri pang'ono.

Makina a rodi alipo a mitundu iwiri, ndipo apa ndi pamene oyamba kumene amasokonezeka kwambiri. Oyamba ndi a thiransifoma, olemera kwambiri moti ena amafuna anthu awiri kapena matayala. Ambiri mwa amene timawaona kwa amisiri athu ndi okulunga pamanja: waya wa kopa kapena wa aluminiyamu wozengedwa pa zitsulo zosanjikiza, nthawi zina woikidwa m'bokosi la matabwa. Ndiyenera kunena mwachilungamo kuti makina amenewa alera mabanja ambiri, sawonongeka msanga, ndipo akapsa amakulungidwanso pamsika pomwepo. Komabe kwa munthu wophunzira pakhomo sindingawalimbikitse. Amakoka magetsi ambiri pamene mukuyatsa rodi, moti mababu a m'nyumba mwanu ndi a oyandikana nawo amachita kuphethira, ndipo posachedwa wina adzagogoda pageti kudzafunsa chimene chikuchitika. Mphamvu ya makina okulunga pamanjawa imasinthidwa posamutsa waya kuchoka pa mfundo ina kupita pa ina, choncho simungathe kuitsitsa pang'onopang'ono monga mmene chitsulo chopyapyala chimafunira. Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mawaya a makina okulunga pamanja nthawi zambiri amakhala poyera, pakhomo pamene ana amasewera ndiponso madzi ochapira amatayidwa paliponse.

Mtundu wachiwiri ndi wa inveta, timakina timene munthu amatinyamula paphewa ndi lamba, kulemera kwake makilogalamu osapitirira asanu kapena asanu ndi limodzi. Inveta imasandutsa magetsi a m'nyumba kukhala oyenda mbali imodzi, amene amisiri amawatcha DC, ndipo moto wake umakhala wodekha, wosavuta kuyatsa ndiponso wosathetheka kwambiri. Ili ndi kachotembenuza kamene mumasankhira maampu (muyeso wa kuchuluka kwa magetsi opita pa rodi) enieni amene mukufuna, ndipo imadya mayunitsi ochepa poyerekeza ndi thiransifoma pa ntchito yofanana. Kufooka kwake kuli m'kati mwake, mmene muli timabolodi ngati ta wailesi. Fumbi la girayinda likamalowa ndi fani, kapena magetsi akabwera ndi mphamvu yopitirira pambuyo pa kuthima, bolodi imatha kupsa, ndipo si aliyense amene angaikonze. N'chifukwa chake ndi bwino kuiika patali ndi pamene mukudulira zitsulo ndiponso kuizula pakhoma magetsi akathima.

Pogula inveta musatengeke ndi manambala akuluakulu olembedwa pathupi pake. Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi a mavoliti 230, ndipo pulagi wamba ya mano atatu imanyamula maampu 13, kutanthauza mphamvu yokwana pafupifupi makilowati atatu. Kuti makina atulutsedi maampu 300 pa rodi angafunike mphamvu yoposa katatu pamenepo, choncho kamakina kotsika mtengo kolembedwa 300 kapena 400 koma kokhala ndi pulagi wamba sikangakwanitse zimene kalonjeza. Pa soketi ya m'nyumba mungayembekezere maampu ozungulira 100, ndipo amenewa ndi okwanira pa ntchito zambiri za pakhomo. Chimene muyenera kuwerenga ndi kachizindikiro ka kumbuyo kapena kunsi kwa makina, pamene pamalembedwa duty cycle. Nambala imeneyi imawerengedwa pa mphindi khumi: makina olembedwa kuti 60% pa maampu 120 amatha kuwotcherera mphindi zisanu ndi imodzi n'kufuna kupuma mphindi zinayi. Kwa munthu wa pakhomo, amene nthawi yambiri amakhala akuyeza, kudula ndi kugwirizanitsa zitsulo, zimenezo n'zokwanira ndithu. Ngati mukufuna kudzagwiritsa ntchito rodi zikuluzikulu kawirikawiri, itanani wodziwa za magetsi akuikireni soketi yakeyake ya waya wochindikala, m'malo molumikiza mawaya opyapyala ataliatali amene amatentha n'kufooketsa moto.

Nkhani ya kuthimathima kwa magetsi imachititsa anthu ambiri kufunsa za jenereta. Kajenereta kakang'ono koyatsira mababu ndi wailesi yakanema sikangayendetse makina owotcherera, ndipo kuyesa zimenezo kumatha kupsereza zonse ziwiri. Pamafunika jenereta ya 5 kVA (muyeso wa mphamvu ya jenereta) kapena kuposerapo, yokhala ndi chipangizo chokhazikitsa mphamvu ya magetsi, ndipo ngakhale pamenepo ndi bwino kuonetsetsa kuti inveta yanu inapangidwa kuti izigwira ntchito ndi jenereta. Kwa munthu amene akungochita izi mongosangalatsa mtima, kudikira kuti magetsi ayake n'kotchipa kusiyana ndi kugula mafuta.

Pa rodi zenizenizo, yambani ndi zolembedwa 6013, zimene zimapezeka m'mahadiweya onse. Manambala awiri oyambawo amanena za kulimba kwa chitsulo chake, wachitatu amasonyeza kuti mungawotcherere nayo chogona, choimirira ngakhale cha pamwamba pa mutu, ndipo womaliza amanena za mtundu wa chikuto chake. Rodi imeneyi imayaka mosavuta pa thiransifoma ndi pa inveta pomwe, ndipo nkhoko zake zimamatuka popanda kulimbana nazo. Ya mamilimita 2.5 imafuna maampu apakati pa 60 ndi 90, pamene ya 3.2 imafuna apakati pa 90 ndi 130. Palinso ya 7018, imene imagwiritsidwa ntchito pa zitsulo zonyamula katundu wolemera, koma imavuta kuyatsa ndipo imayamwa chinyontho msanga, choncho idikireni kaye. Ngakhale 6013 imafuna kusungidwa pouma. Rodi imene yagona m'sitolo yodontha m'nyengo ya dzinja imathetheka, imamatirira pa chitsulo, ndipo imasiya timabowo tating'onoting'ono pa msoko, moti wophunzira amayamba kudziimba mlandu pa cholakwa chimene si chake.

Pali chinthu chimodzi chimene njira ya rodi imavutira, ndipo n'chimene oyamba kumene ambiri amakumana nacho tsiku loyamba. Zitsulo zimene anthu amagula popanga mipando, mashelefu ndi mafelemu ndi masikweya chubu opyapyala, a mamilimita 1.2 kapena 1.6. Ine ndinayambira pa zoterezi, ndikufuna kupanga kathebulo koikapo ndowa ya madzi, ndipo ndinatenga rodi ya 3.2 chifukwa ndi imene ndinapatsidwa m'sitolo. Rodi itangogunda pakona, chubu chinabooka chibowo choti chala n'kulowa, ndipo poyesa kuchitseka ndinachikulitsa. Madzulo a tsikulo ndinali ndi miyendo inayi yafupi kuposa mmene ndinayezera, chifukwa chodula mobwerezabwereza mbali zopsazo. Mmisiri wina wachikulire ataona ntchitoyo anangopukusa mutu n'kundiuza kuti nditenge rodi ya 2.0 kapena 2.5, nditsitse moto, ndipo ndisamakoke msoko wautali koma ndizidontheza pang'onopang'ono, kudikira kuti kufiira kuzilale ndisanadonthezenso. Anandiuzanso kuti ndiyambe ndaphunzira pa zidutswa za engo ayironi ndi fulati baa zochindikala mamilimita atatu mpaka asanu, zimene zimagulidwa motchipa kwa ogulitsa zitsulo zakale, popeza chitsulo chochindikala chimapirira dzanja lonjenjemera. Malangizo amenewa anali aphindu kuposa makina aliwonse amene ndikanagula.

Vuto la zitsulo zopyapyala ndi limene limachititsa anthu kuyang'ana ku makina a waya, otchedwa MIG. M'malo mwa rodi imene imafupika n'kumafuna kusinthidwa, makinawa amakankha waya wopyapyala wa mamilimita 0.6 kapena 0.8 kuchokera pa chikulungo, ndipo inu mumangokanikiza batani n'kuyendetsa dzanja. Palibe njira ina yosavuta kuphunzira kuposa imeneyi. Munthu amatha kutulutsa msoko wooneka bwino patsiku loyamba, palibe nkhoko zogogoda, ndipo malata a galimoto ndi machubu opyapyala amalumikizika popanda kubooka. Mtengo wake weniweni, komabe, suli pa makina okha. Wayayo alibe chikuto, choncho amatetezedwa ndi gasi wochokera m'botolo, kaya carbon dioxide kapena wosakaniza ndi argon. Botolo limeneli limabwerekedwa kapena kugulidwa ku makampani ogulitsa gasi monga Afrox, limafuna geji yakeyake, ndipo likatha muyenera kulinyamula kupita nalo m'tauni. Munthu wokhala ku Blantyre kapena ku Lilongwe angapirire zimenezi, koma wokhala kutali ndi mizinda adzaona kuti makina ake akukhala masabata ambiri osagwira ntchito. Kuwonjezera apo, mphepo imauluza gasiyo, ndipo popeza ambiri a ife timagwirira ntchito pabwalo kapena pakhonde, m'nyengo ya mwera msoko umadzaza timabowo. MIG imafunanso chitsulo choyera, chopalidwa bwino penti ndi dzimbiri. Palinso msampha wina umene suoneka: msoko wa MIG ukhoza kukongola pamwamba koma usanalowe m'chitsulo, ngati moto unali wochepa, ndipo wophunzira amadzazindikira zimenezi pamene chinthucho chathyoka.

Pakati pa njira ziwirizi pali makina a waya wosafuna gasi, amene mankhwala ake otetezera ali m'kati mwa waya momwemo. Amakankha waya ngati MIG, amapirira mphepo ngati rodi, ndipo amasiya nkhoko zopyapyala ndi utsi wambiri. Akanakhala kuti waya wake amapezeka paliponse, ndikanawaika patsogolo kwa munthu wopanga mipando ya machubu. Koma chikulungo chake n'chodula poyerekeza ndi paketi ya rodi, ndipo timilomo ta kunsonga timene timatha msanga sitipezeka m'sitolo iliyonse. Musanagule makina otere, yendani kaye m'mahadiweya a kwanu n'kufunsa ngati amasunga waya ndi timilomo take nthawi zonse, osati kungomva kuti katundu akubwera mwezi wamawa.

Za TIG, njira imene moto umayaka pa nsonga ya kandodo kosasungunuka, sindinena zambiri. Njirayi inakula m'mafakitale opanga ndege ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, ndipo imatulutsa msoko waukhondo kuposa zonse pa aluminiyamu ndi pa chitsulo chosachita dzimbiri. Imafuna gasi wa argon, manja onse awiri, chitsulo chotsukidwa bwino ndi miyezi yambiri yoyeserera, ndipo kuti muwotcherere aluminiyamu pamafunika makina odula a AC, otulutsa magetsi osinthasintha mbali. Si poyambira. Ma inveta ena a rodi ali ndi batani la TIG, ndipo limeneli lingadzakuthandizeni m'tsogolo, koma lisakhale chifukwa chowonjezerera ndalama lero.

Njira ya gasi woyaka, ya okosijeni ndi acetylene, ili ndi chokopa chimodzi chachikulu m'dziko la magetsi osadalirika: siifuna magetsi konse. Ndi imene okonza matupi a galimoto ndi mapaipi a utsi amaidalira, lawi lake limatentha madigiri oposa 3,000, limadula zitsulo, limapinda, ndipo ndi ndodo ya bulasi limalumikiza mafelemu a njinga za kabaza. M'magalaja ena mudzaona kamgolo kopanga okha, mmene amathira miyala ya kabaidi ndi madzi kuti mutuluke gasi. Ndikupemphani kuti zimenezi muzisiyire amene anazizolowera, ndipo ngakhale iwowo amakhala pangozi. Acetylene amaphulika akapanikizika kwambiri, lawi likhoza kubwerera m'paipi ngati palibe zotchinga zake, ndipo okosijeni akakumana ndi oyilo kapena girisi amabutsa moto popanda machesi. Mabotolo awiri oterewa si katundu wosunga pakhomo pamene pali khitchini, mbaula ndi ana.

Mukaika zonsezi pamodzi, munthu wofuna kukonza mageti, makasu, ngolo, mawilibala ndi kupanga mabagalabazi ayenera kugula inveta ya rodi ya maampu apakati pa 140 ndi 160 ndi paketi ya 6013 ya 2.5. Amene cholinga chake ndi malata a galimoto kapena mipando yopyapyala yambiri, ndipo amakhala pafupi ndi ogulitsa gasi, MIG idzamupindulira. Koma m'njira iliyonse, musathere ndalama zonse pa makina, chifukwa zida zotsalazo si zokongoletsera.

Chida choyamba ndi chotchinga kumaso. Moto wa rodi umatulutsa kuwala kumene kumapsereza khungu la diso, ndipo choopsa chake n'chakuti ululu sumveka nthawi yomweyo. Ine ndinaphunzira zimenezi nditaima pafupi ndi mmisiri masana onse, nditavala magalasi adzuwa, ndikuganiza kuti ndatetezeka. Pakati pa usiku ndinadzuka maso akutuluka misozi, akumveka ngati wina wathiramo mchenga, ndipo sindinathe kuyang'ana ngakhale kuwala kwa foni. Ululu umenewu nthawi zambiri umatha patapita tsiku limodzi kapena awiri, koma musathire m'maso mkaka kapena zina zimene anthu amanena; ikani kansalu konyowa ndi madzi ozizira, khalani mumdima, ndipo ngati sizikusintha kapena mukuona ngati mwalowa kachitsulo, pitani kuchipatala. Galasi loyenera pa rodi za pakhomo ndi la nambala 10 kapena 11. Chotchinga chogwira pamanja n'chotchipa, koma chimakulandani dzanja limodzi. Chisoti chodzidetsa chokha moto ukayaka ndi chimene ndimalimbikitsa kwa wophunzira, chifukwa amaona pamene rodi ikugunda, ndipo sayesedwa kusuzumira ndi maso. Kumbukiraninso ana, amene amakonda kuzungulira mmisiri n'kumayang'anitsitsa motowo. Atchingireni ndi lata kapena auzeni achoke.

Valani magolovesi achikopa, ovololo kapena zovala za thonje za manja aatali, ndi nsapato zotseka. Zovala za nayiloni zimasungunukira pakhungu, ndipo kadontho ka chitsulo kakagwera pakati pa zala za munthu wovala patapata, ntchito ya tsikulo imathera pomwepo. Girayinda ya mamilimita 115 ndi imene mudzaigwiritse ntchito nthawi yaitali kuposa makina owotchererawo, podula, popala dzimbiri ndi posalaza, ndipo ndi imenenso imavulaza anthu ambiri. Musachotse chotchinga chake, musagwiritse ntchito disiki yodulira popala, ndipo valani magalasi oyera nthawi zonse. Onjezerani kahamala kogogodera, burashi ya waya, sikweya, tepi ndi zopanira ziwiri kapena zitatu, popeza chitsulo chimakokeka chikamazizira, ndipo felemu imene simunaipane n'kuidontheza m'makona onse musanaimalize imatuluka yopotoka.

Pali zinthu zina zimene simuyenera kuzikhudza ngakhale dzanja litazolowera. Musawotcherere kapena kudula mgolo kapena thanki imene munakhala petulo, dizilo kapena mankhwala, ngakhale itaoneka youma, chifukwa nthunzi yotsalira ndi imene imaphulika. Mapaipi a madzi ndi malata okutidwa ndi zinki amatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa ngati malungo usiku wa tsiku lomwelo, ndipo kumwa mkaka sikuteteza ku utsi umenewu. Palani chikutocho pamalo owotchererapo ndipo gwirani ntchito pamalo opita mphepo. Musaime pansi ponyowa kapena kusintha rodi ndi magolovesi onyowa, chifukwa pa chogwirira pamakhala magetsi ngakhale pamene simukuwotcherera. Zokokera ngolo za galimoto, zitsulo za chiwongolero ndi denga la nyumba zisiyireni amisiri ophunzira, popeza zimenezo zikathyoka zimapha anthu.

Pa kaphunziridwe, mavidiyo a pa YouTube amathandiza kuona mmene rodi imapendekera, koma sangakuuzeni chimene dzanja lanu likulakwitsa. Ofuna satifiketi angafunse za maphunziro a kuwotcherera ku makoleji a ntchito zamanja amene amayang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999. Kwa munthu wa Loweruka lokha, njira yachidule ndi kupita kwa mmisiri wa m'dera lanu, kugwirizana naye kangachepe, n'kumupempha kuti akuyang'anireni masana awiri kapena atatu. Mukabwerera kwanu, tengani fulati baa yochindikala n'kukokapo mizere ya msoko, umodzi pambali pa unzake, mpaka paketi yoyamba itatha, mukumvetsera phokoso la moto, limene likakhala bwino limamveka ngati nsomba ikukazingidwa m'mafuta. Kenako lumikizani zidutswa ziwiri, zipanani pa vayisi, n'kuzimenya ndi hamala yaikulu. Ngati chitsulo chapindika msoko uli chigwirire, mukhoza kuyamba kukonza geti lija. Ngati msoko wamatuka n'kuonetsa kuti unangogona pamwamba, kwezani maampu pang'ono, yandikizani rodi, ndipo mudulenso zidutswa zina.